Zimbale Zatsopano za Jazi ndi Ngongole Yathu kwa Namoko

Mawu akuti jazi ali ndi matanthauzo awiri m'dziko muno, ndipo matanthauzo awiriwo sapatsana moni. Kwa munthu wa m'tauni amene adapita patali ndi sukulu, jazi ndi nyimbo zofatsa zimene zimaimbidwa m'mahotela madzulo a Lamulungu, anthu atatchena, tambula ili m'manja. Kwa munthu wa kuno ku Thyolo amene adakulira m'mphepete mwa minda ya tiyi, jazi ndi banjo ya chitini, ng'oma ya chikopa cha mbuzi ndi fumbi la pamsika tsiku lolandira malipiro. Woyambayo akamva mnzakeyu akutchula jazi amamwetulira mwachifundo, poganiza kuti wangotola mawu a Chingerezi osadziwa mutu wake. Cholinga changa m'gawo lino ndi kuonetsa kuti womwetulirayo ndiye wasokera, ndipo mboni zanga ndi zimbale zatsopano zimene zakhala zikutuluka m'maiko osiyanasiyana kuyambira mu 2022.

Tiyambe takumbutsana kumene chamba chimenechi chidachokera. Jazi adabadwira mu mzinda wa New Orleans ku America, pakati pa zidzukulu za anthu amene adatengedwa ukapolo kuchokera kuno ku Africa, ndipo chimbale choyamba chodziwika ndi dzinali chidajambulidwa mu 1917. Zizindikiro zake zazikulu zilipo zitatu. Choyamba, zoimbira zimayankhana monga amachitira wotsogolera nyimbo ndi ovomera pamtondo kapena pabwalo la gule. Chachiwiri, woimba samangobwereza zimene adaloweza, koma amapeka zatsopano pomwepo nyimbo ili mkati, kotero kuti nyimbo imodzi siimbidwa mofanana kawiri. Chachitatu, kagundidwe kake n'kopingasa: mawu amagwa pamene khutu silimayembekezera, ndipo thupi limayamba kugwedezeka mwini wake asanalilole. Aliyense amene adaonapo tchopa akuvinidwa ku Goliati kapena ku Thekerani avomereza kuti pa zitatuzi palibe chachilendo kwa ife.

Nyimbozi zidabwerera ku Africa pa zimbale za galamafoni. Makolo athu amene adakamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi ena ochuluka amene adakagwira ntchito ku Johannesburg, ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pobwera kumudzi adanyamula magitala, mabanjo ndi zimbale. Ulendowu sudali wa mbali imodzi. Nyimbo yotchedwa Skokiaan, imene adapeka August Musarurwa wa ku Bulawayo, idawoloka nyanja mpaka Louis Armstrong mwini wake adaijambula mu 1954. M'zaka zomwezo anyamata a m'misewu ya Johannesburg adayambitsa chamba cha kwela poliza zitoliro zachitsulo zotsika mtengo. Spokes Mashiyane adatchuka nacho, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Pali kanthu kena kamene ife a ku Thyolo tiyenera kukasunga pamtima. Choimbira chimene chinkapereka mawu aakulu m'magulu ambiri a kwela chidali bokosi lopanda kanthu, ndodo ndi chingwe chimodzi, ndipo bokosilo lidali la mtundu womwe ankapakiramo tiyi pomutumiza kunja. Tiyi ndi jazi adayamba kalekale kuyenda ulendo umodzi.

Kuno kwathu kwela adapeza eni ake m'mudzi wa Singano ku Chileka. Daniel Kachamba, amene adabadwa mu 1947 ndi kumwalira mu 1987, ankaliza gitala ya nsambo zisanu ngati kuti pali anthu awiri. Mng'ono wake Donald, amene adatisiya mu 2001, ankalowetsa chitoliro m'kamwa mopendekeka kuloza kutsaya, ndipo mwa njira imeneyi ankatulutsa mawu onenepa ndi otha kupindika monga a sakisofoni. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adawapeza akuimba mumsewu ku Blantyre, ndipo adawajambula ndi kulemba buku lonse lofotokoza luso lawo. M'zaka za m'ma 1970 nyimbo zawo, za sinjonjo, lumba ndi simanje-manje, zidamveka mpaka ku Ulaya. Pambuyo pawo padabuka magulu ambiri odzitcha maina a mitsinje ndi mapiri akwawo, monga Linengwe River, Likhubula River ndi Mulanje Mountain. Potenga dzina la mtsinje wakwawo n'kuphatikizapo mawu akuti jazi, anyamatawo ankanena chinthu chomveka: luso tatenga kutali, koma madzi timwa a pano.

Thyolo adapereka mwana wake pa mndandanda umenewu. Alan Namoko adabadwa mu 1956, adali wosaona, ndipo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band adagwedeza wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndi mawu olira ngati a munthu amene wayenda mtunda wautali wopanda womulonjera. Kulirako sikudachokere m'mwamba. Alomwe ambiri a m'boma lino ndi zidzukulu za anthu amene adathawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi ku Mozambique, n'kudzakhala pa malo a azungu pansi pa thangata, kulipira malo ogona ndi thukuta lawo. Umasiye, njala, kusowa malo olima ndi kusekedwa chifukwa cha chilankhulo, zonsezi zidali m'mpweya umene Namoko adapuma. Akatswiri akunja atamva banjo yake adaifanizira ndi nyimbo zachisoni za anthu akuda a m'minda ya thonje ku America, ndipo sadalakwe, pakuti munda wa mwini wina umabala nyimbo zofanana kulikonse. Chimbale chake, Ana Osiidwa, chidatuluka mu 1992, ndipo iye adamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40.

Tsono tiyeni timve zimene dziko likuimba lero. Poweruza chimbale cha jazi ndimafunsa mafunso atatu okha. Kodi oimbawa akumverana, kapena aliyense akungodikira nthawi yake yodzionetsera? Kodi pali china chimene chikubadwa pomwepo, kapena zonse zidakonzedwa kale ngati nsima ya dzulo? Ndipo kodi munthu atatseka maso angadziwe kuti oimbawa kwawo n'kuti?

Choyamba ndi Linger Awhile cha Samara Joy, mtsikana wa ku New York amene adabadwa mu 1999. Chidatuluka mu 2022, ndipo mu 2023 mwini wake adalandira mphoto ziwiri za Grammy, kuphatikizapo ya woimba watsopano wopambana onse. Chodabwitsa n'chakuti m'chimbalemo mudadzaza nyimbo za nthawi ya agogo ake, zimene adaimbapo Sarah Vaughan ndi anzake. Mawu ake ndi akuya, ofunda ndi osathamanga. Akakwera m'mwamba satsamwa, akatsika pansi sazimirira. Pa nyimbo ina adatenga zimene Fats Navarro adaliza pa lipenga m'zaka za m'ma 1940 n'kuikapo mawu akeake. Chofooka chake n'chakuti mtsikanayu amalemekeza akuluakulu mopitirira, kotero kuti nthawi zina umalakalaka atagwetsako mbale imodzi kuti umve mkwiyo wake. Komabe phunziro lake n'lalikulu: mwana wa zaka 22 adavala nsalu ya agogo ake osachita manyazi, ndipo dziko lonse lidaimirira kumuombera m'manja.

Chachiwiri ndi cha nkhalamba. Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town, amene nyimbo yake ya Mannenberg ya mu 1974 idasanduka mfuu ya olimbana ndi tsankho, adajambula chimbale chotchedwa 3 mu holo ya Barbican ku London mu Julaye 2023, ali ndi zaka 88, ndipo chidatuluka mu 2024. Mulibe ng'oma m'menemo. Muli piyano yake, chitoliro cha Cleave Guyton ndi nsambo zazikulu za Noah Jackson basi. Mbali yoyamba adaijambula holo ili yopanda anthu, ndipo yachiwiri anthu atadzaza. Munthu wothamanga mtima achiona chozizira, chifukwa mkuluyu amasiya mpata waukulu pakati pa mawu, ngati gogo amene akusimba nthano n'kumaima kuti akoleze moto. Koma m'mipata imeneyo mukumveka nyimbo za m'tchalitchi za ku Cape ndi kagundidwe ka marabi ka m'makomboni. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo chimbalechi chimakoma pochimva kachitatu kuposa poyamba.

Chachitatu chikutiyandikira kwambiri. Nduduzo Makhathini, woliza piyano wa ku KwaZulu-Natal, ndiye munthu woyamba wa ku South Africa kulembedwa ndi kampani yotchuka ya Blue Note, imene idajambula akatswiri ambiri a jazi ku America. Mu 2022 adatulutsa In the Spirit of Ntu, ndipo tsinde lakuti ntu ndi lomwe lija timalipeza m'mawu athu akuti munthu ndi umunthu. Mu 2024 adatulutsanso uNomkhubulwane, dzina la mzimu wachikazi umene Azulu amaugwirizanitsa ndi mvula ndi zokolola, monga ife timakumbukira Mbona wa ku Khulubvi kapena Makewana wa ku Msinja. Dzanja lake lamanzere limagunda ngati ng'oma yaikulu, lamanja likuyenda momasuka, ndipo iye amaimba ndi kuyankhula m'Chizulu osapepesa kwa aliyense. Chimbale chachiwirichi chidagawidwa patatu ngati mwambo, kuyambira pa kuthira nsembe. Pena maganizo amachuluka kuposa nyimbo, ndipo womvera amatopa ndi kulemera kwake. Koma taonani chimene chachitika: zimene ife tidaphunzitsidwa kubisa kuseri kwa nyumba, mnzathuyu wazitengera pabwalo lalikulu la jazi pa dziko lonse, ndipo eni bwalolo amupatsa mpando.

Chachinayi ndi cha ovina. Ezra Collective ndi anyamata asanu a ku London, otsogozedwa ndi woliza ng'oma Femi Koleoso, amene makolo ake ndi a ku Nigeria. Chimbale chawo, Where I'm Meant to Be, cha mu 2022, chidapata mphoto ya Mercury mu 2023, ndipo aka kadali koyamba kuti gulu la jazi lilandire mphotoyo. Muli kagundidwe ka Fela Kuti, muli kavinidwe ka ku Caribbean, ndipo nyimbo yoyamba adaimba ndi Sampa the Great, mwana wa ku Zambia kuno. Lipenga ndi sakisofoni zimayendera limodzi ngati ana amapasa, ndipo palibe nyimbo imene ingakusiye utakhala pansi. Wofuna kupeka kozama kwa nthawi yaitali sapeza zambiri, chifukwa anyamatawa amakonda chisangalalo kuposa kusinkhasinkha. Chimene ine monga mphunzitsi ndidachigwira n'chakuti oyambitsa gululi adakumana m'gulu lophunzitsa achinyamata kuimba lotchedwa Tomorrow's Warriors, ndipo polandira mphoto adathokoza anthu amene amapatula nthawi yawo kuphunzitsa ana. Katswiri sagwa kuchokera kumwamba. Pamakhala wina amene adatsegula chipinda madzulo n'kupereka lipenga kwa mwana.

Chachisanu ndi Perceive Its Beauty, Acknowledge Its Grace cha Shabaka Hutchings, amene adabadwira ku London n'kukulira ku Barbados. Munthuyu adatchuka ndi kuliza sakisofoni mwaukali m'gulu la Sons of Kemet, koma kumapeto kwa 2023 adaiika pambali n'kuyamba zitoliro, kuphatikizapo chansungwi cha ku Japan. Chimbale chake cha mu 2024 ndi chofatsa, chodzaza ndi mpweya, ngati mphepo ya m'mawa pa phiri la Thyolo nthawi ya chiperoni. Pena chimafatsa mpaka kusowa kolowera, ndipo sindingachipereke kwa munthu amene akuyamba kumene kumva jazi. Koma pochimva sindilephera kukumbukira Donald Kachamba. Choimbira chimene ena kuno ankachiyesa choseweretsa ana oweta ng'ombe, katswiri wa ku London adachisankha pamwamba pa sakisofoni, chifukwa adazindikira kuti ulemu wa choimbira suli pa mtengo wake koma pa mpweya wa wochiliza.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chathu. Musakayike, cha Madalitso Band, chidatuluka mu 2022. Gululi ndi la anthu awiri okha, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ya Lilongwe asanakaonekere pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Wina amaliza babatoni, choimbira chachikulu cha nsambo imodzi chimene adapanga okha. Mnzake amaliza gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mawu awo awiri amalukana bwino ngati mkeka, ndipo nyimbo ikagwira moto siifuna kuzima. Cholakwika chake n'chakuti liwiro limakhala limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mulibe nyimbo yachisoni yoti mtima upumirepo monga ankachitira Namoko. Ngakhale zili tero, awa ndiwo adzukulu enieni a Kachamba ndi a Chimvu River, ndipo anthu a ku Ulaya akhala akuwavinira m'zikondwerero zikuluzikulu.

Pano wina anditsutsa. Anena kuti magulu a banjo amangozungulira pa makodi atatu, pamene jazi weniweni ali ndi makodi ambirimbiri ofuna munthu wophunzira. Yankho langa n'lakuti nyimbo zachisoni za anthu akuda a ku America, zimene ndi mayi wake wa jazi, nazonso zimaima pa makodi atatu, ndipo marabi amene adalera Abdullah Ibrahim amazungulira chimodzimodzi. Kuchuluka kwa makodi kuli ngati kuchuluka kwa ndiwo patebulo: n'kwabwino, koma sikusandutsa munthu kukhala wodziwa kuphika. Funso ndi lakuti woimbayo akuchita chiyani mkati mwa kuzungulirako. Mverani mmene banjo ya Namoko imayankhira mawu ake, mmene imachedwera dala kenaka n'kuthamanga kukapeza ng'oma, ndipo mudzapeza zizindikiro zitatu zija zonse zilipo. Sindikunena kuti Chimvu River ndi gulu la Miles Davis n'chimodzimodzi. Ndikunena kuti ndi ana a agogo amodzi amene adakulira m'midzi yosiyana.

Winanso anena kuti achinyamata a lero akufuna amapiano ndi nyimbo zopangidwa pa kompyuta, ndipo kuwabwezera ku banjo kuli ngati kuuza munthu wa njinga yamoto kuti akwere bulu. Ophunzira anga nawonso amadzaza lamya zawo ndi zomwezo, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa m'badwo uliwonse uli ndi gule wake. Koma zimbale zimene tapendazi zikuonetsa kuti chakale ndi chatsopano si adani. Samara Joy ndi wamng'ono kuposa aphunzitsi ambiri a m'sukulu zathu. Anyamata a Ezra Collective amadzaza maholo ndi achinyamata anzawo. Kuno kwathu, pamene Patience Namadingo adakhala pansi ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu mu 2020 n'kuimba naye nyimbo zake zakale, achinyamata ndiwo adazifalitsa mpaka Linny Hoo idamveka m'maiko akutali. Ana athu sadana ndi nyimbo za makolo awo. Chimene chilipo n'chakuti sitidawapatse mpata wozimva.

Tili nawonso akatswiri amene adalumikiza matanthauzo awiri aja. Wambali Mkandawire, amene adamwalira mu Januwale 2021, adatenga Chitumbuka ndi kagundidwe ka magule a kumpoto n'kuziveka malipenga m'chimbale cha Zani Muwone cha mu 2002. Erik Paliani adakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola mu 2009, asanatulutse chake, Chitukutuku, mu 2010. Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene gitala yake imamveka m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986, adaleredwa ndi Mmalawi amene adapita kukagwira ntchito ku South Africa. Luso lilipo, ndipo lakhala lilipo. Koma onani kumene ntchito yaikulu ya anthu amenewa idachitikira: kutsidya kwa Limpopo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tiyi wathu amathyoledwa ndi manja a amayi ndi abambo a ku Satemwa, ku Makandi, ku Naming'omba ndi ku Nchima, koma wambiri amagulitsidwa pa msika wa ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula akunja, n'kutumizidwa m'matumba, kukasakanizidwa ndi wa maiko ena ndi kuikidwa m'mapaketi a maina achilendo. Womwa tiyi ku London sadziwa kuti m'kapu mwake muli Thyolo. Nyimbo zathu zayenda njira yomweyo. Zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Zambiri za abale a Kachamba zili ku Vienna. Chimbale cha Namoko chidatuluka pa dzina la Pamtondo chifukwa cha khama la Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland. Musakayike chidatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Nyimbo za akaidi a ku Zomba, zimene zidapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, adazijambula ndi Ian Brennan wa ku America. Masamba ndi athu, koma paketi ndi ya ena.

Sindikuloza chala anthu amenewa. Akadapanda iwo, bwenzi zambiri mwa nyimbozi zitapita kumanda pamodzi ndi eni ake, ndipo mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chala ndikuloza ife eni mudzi, makamaka ife ophunzira, amene timadikira kuti munthu wa kutsidya kwa nyanja avomereze kaye tisanakhulupirire kuti mwana wa mnansi wathu ndi katswiri. Madalitso Band adaimba zaka zambiri m'misewu anthu akuwadutsa. Atakwera ndege ndi pamene tidayamba kufunsa maina awo. Namoko adasangalatsa dziko lonse la Malawi, koma ndi ophunzira angati a Fomu 4 m'boma lake lomwe amene angatchule nyimbo zake zitatu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi odwala m'mimba ndife.

Nanga tichite chiyani? Ndiyambe ndi ife aphunzitsi, chifukwa sitifuna chilolezo cha wina aliyense. M'midzi yozungulira Bvumbwe, Luchenza, Thunga ndi Makwasa mukadali akuluakulu odziwa kusema mkono wa banjo, kukunga chikopa pa chitini ndi kutchuna nsambo za waya. Tiwaitane m'makalasi. Mphunzitsi wa sayansi sangapeze chida choposa babatoni pofotokoza mmene kutalika ndi kukungika kwa chingwe kumasinthira mawu. Mphunzitsi wa Chichewa ali ndi ndakatulo zokwanira teremu yonse m'nyimbo za Namoko, zodzaza ndi zining'a, chipongwe ndi chisoni. Mphunzitsi wa mbiri yakale angayambire pa nyimbo pofotokoza thangata ndi ulendo wa ku migodi. Ndipo popeza lamya ya m'thumba lero imajambula mawu omveka bwino, gulu la ophunzira khumi lingathe kusonkhanitsa m'chaka chimodzi nyimbo za mudzi wonse, pamodzi ndi maina a ozipeka.

Kwa eni minda ya tiyi pempho langa ndi ili. Makampani ena amathandiza kale sukulu, zipatala ndi mpira wa antchito awo, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Kuonjezerapo mpikisano wa magulu oimba kamodzi pa chaka, ndi kachipinda kamodzi kojambuliramo nyimbo, si katundu wolemera kwa kampani yotumiza tiyi kunja. Alendo amene amabwera kudzaona minda yobiriwirayi angakondwe kumva banjo ya m'mudzi woyandikana nawo kusiyana ndi nyimbo zimene adazisiya kwawo. Koma oimbawo alipidwe monga antchito a luso, osati kupatsidwa chakudya chotsala ndi kuwathokoza pakamwa.

Kwa a wailesi, amene tsopano achuluka m'dziko muno, ndikupempha ola limodzi pa sabata loti Namoko amveke pambali pa Makhathini, Kachamba pambali pa Shabaka, ndipo woulutsa afotokoze ubale wawo m'Chichewa. Kwa anzanga olemba m'nyuzipepala ndikuti tiphunzire kupenda chimbale moona mtima. Masiku ano nkhani zambiri za zimbale zimangonena tsiku lokhazikitsa, mtengo wa pakhomo ndi dzina la mlendo wolemekezeka, osatchula ngakhale kamodzi mmene nyimbozo zikumvekera. Woimba amene sauzidwa pamene wafooka sakula, ndipo womvera amene sauzidwa choti amvetsere amangotsata phokoso. Pomaliza, mabanja a oimba amene adatisiya adziwe kuti lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza ntchito ya munthu kwa zaka 50 iye atamwalira, ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa kuti lizitolera ndalama zoterozo. Nyimbo ya Namoko ikalira pa wailesi kapena pa intaneti, pali ana osiyidwa enieni amene ayenera kulandirapo kanthu.

Zimbale zisanu ndi chimodzi zimene tapendazi n'zosiyana ngati usiku ndi usana: china n'chovina, china n'chopemphera, china n'cha mtsikana, china n'cha nkhalamba. Koma zonse zikuyankha funso langa lachitatu mosakayika, pakuti utatseka maso udziwa kwawo kwa woimba aliyense. Umenewu ndiwo mtengo umene dziko likugulira jazi lero, ndipo ndi katundu amene Thyolo ali naye wambiri kuposa tiyi. Kusiyana kwake n'kwakuti tiyi ukamudula amaphukanso mvula ikagwa, pamene nkhalamba yodziwa kutchuna banjo ikapita, yapita ndi nyimbo zake zonse. Amene adaimba ndi Namoko kapena kumuona ndi maso akucheperachepera chaka ndi chaka. Madzi akatayika saoleka, choncho tiwatunge akadali m'chitsime.